Ndaluza katatu: kodi misika ya ndalama ndi njuga ya anthu ovala tayi?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Matero:

"Ndine mphunzitsi, ndili ndi zaka 46. Mu 2020 ndinagulitsa masheya anga onse a kampani ya magetsi ya CEC chifukwa cha mantha, lero ndikaona mtengo wake mtima umandiwawa. Mu Julayi 2021 ndinagula madola 2,000 pa K22, pofika Sepitembala dola inali pa K16, ndinagulitsa n'kuluza K12,000. Mu 2023 nditatapa 20 peresenti ya penshoni yanga ku NAPSA, theka ndinaika m'gulu lina lomwe linkapereka 25 peresenti pamwezi. Anandilipira miyezi itatu, ine n'kumabwezera momwemo, kenaka mafoni awo anazima. Ndatsala ndi K30,000. Amuna anga akuti zonsezi ndi njuga, ndisiye. Kodi anthu odziwa misikayi amatani akalakwitsa? Kapena ndine ndilibe mutu wa ndalama?"

Amayi, pepani kwambiri. Koma mutu wa ndalama muli nawo. Munthu wopanda mutuwo sakumbukira kuti anagula pa K22 n'kugulitsa pa K16, amangoti ndalama zinapita basi. Chikukusokonezani n'choti nkhani zitatuzi mwaziunjika pamodzi n'kuzipatsa dzina limodzi. Ine ndikaziyang'ana ndikuona kuti pa imodzi munalakwitsa kuyambira tsiku loyamba, pa ina munalowa bwino koma munatuluka moipa, ndipo pa ija ikukuwawani kwambiriyo mwina mlandu wanu ndi waung'ono kuposa mmene mukudziweruzira.

Anthu amene akhalitsa pamisika ya ndalama amatsutsana pa zinthu zambiri, koma pa ichi chokha amamvana: kusankha moipa ndi kukolola zoipa si chinthu chimodzi. Taganizani za mlimi wa ku Katete m'nyengo ya dzinja ya 2023 kulowa 2024. Mbewu anagula yabwino, anabzala ndi mvula yoyamba, feteleza anathira pa nthawi yake. Mvula inadula, chimanga chinapserera chili m'chiuno, ndipo kumapeto kwa Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Mnzake wina amene anachita ulesi, n'kungokanda kadimba kumadambo mochedwa, anadyako dowe. Analima bwino ndi woyambayo, anakolola ndi wachiwiriyo. Woyamba uja akatengapo phunziro loti kubzala msanga n'kupusa, chaka cha mvula yabwino adzagona ndi njala. Chimene angatolepo n'choti munda wonse usakhale chimanga chokhachokha, ndiponso asamakongole feteleza woposa amene angabweze mvula itakana.

Pamsika weniweni chitsanzo tili nacho pakhomo pompano. Mu Novembala 2020 dziko lathu la Zambia linalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja pa ngongole ya Eurobond, ndalama imene boma linabwereka m'madola kumisika yakunja. Ma Eurobond atatu aja, a 2012, 2014 ndi 2015, onse pamodzi anali madola 3 biliyoni. Nthawi imeneyo boma likafuna kubwereka makwacha kwa anthu a m'dziko muno, mabondi a zaka zambiri ankapereka chiwongoladzanja chopitirira 30 peresenti pachaka, poti aliyense ankaopa. Amene analimba mtima n'kugula anamwa wamkaka, chifukwa pokonzanso ngongole za dziko, pa mgwirizano wa ku Paris wa Juni 2023 ndi wa eni ma Eurobond wa 2024, ngongole ya makwacha sanaikhudze. Ndiye tapitani ku Ghana. Kumeneko munthu anachita chimodzimodzi, kukongoza boma lake pa chiwongoladzanja chokwera. Mu Disembala 2022 boma linalengeza kuti mabondi a m'dzikomo asinthidwa ndi atsopano, a phindu lochepa ndi zaka zambiri zodikira, mpaka nkhalamba zopuma pantchito zinkakakhala pakhomo pa unduna wa zachuma ku Accra kudandaula. Wa ku Lusaka sanali wanzeru kuposa wa ku Accra. Onse anaika dzanja m'malo amodzi, wina anatulutsa uchi, wina analumidwa. Wa kunoyu akayamba kudzitama kuti amadziwa, tsiku lina adzaika nyumba yonse.

Tiyeni ku CEC, Copperbelt Energy Corporation. Lero n'chapafupi kunena kuti munapupuluma, poti mtengo wa sheya imodzi, kachigawo ka umwini wa kampani, unakwera kuposa kakhumi kuchokera mu 2020 kufika kumapeto kwa 2024. Koma bwererani m'chaka chimenecho muone zomwe zinkamveka. Kampaniyi, ya ku Kitwe, ntchito yake yaikulu ndi kugula magetsi ku ZESCO n'kumagulitsa kumigodi. Kasitomala wake wamkulu, Konkola Copper Mines, anali m'manja mwa munthu woikidwa ndi khoti kuyambira Meyi 2019, ndipo ngongole yake ya magetsi kwa CEC inapitirira madola 100 miliyoni. Pangano logulira magetsi ku ZESCO linatha pa 31 Malichi 2020 lina lisanasainidwe. Mu Meyi chaka chomwecho nduna ya zamagetsi inalengeza kuti mawaya a CEC ena angadutsitsepo magetsi awo, pa mtengo umene kampaniyo sinadziikire yokha. Pamwamba pake panali Covid. Munthu amene anagulitsa pamenepo sanali wamisala ayi. Khoti Lalikulu linadzathetsa chilengezo chija mu Febuluwale 2021, pangano latsopano ndi ZESCO linasainidwa mu 2022, mkuwa unakwera mtengo, migodi ya ku Congo inafuna magetsi ochuluka. Koma mu Juni 2020 palibe amene akanakweza dzanja kulumbira kuti zimenezi zichitika.

Ndiye sindikukufunsani kuti munagulitsiranji. Ndikufunsa zina ziwiri. Munagulitsa chifukwa munakhala pansi n'kuona kuti bizinesi ya kampaniyo yasweka, kapena chifukwa mtengo unkatsika sabata ndi sabata ndipo aphunzitsi anzanu ankakusekani pa nthawi ya tiyi? Ngati ndi choyambacho, munaganiza bwino, mwayi wokha sunakhale kumbali yanu. Ngati ndi chachiwiri, cholakwa chilipo, ndipo ndi choti munalola mtengo kukuganizirani. Chinanso, munagulitsiranji onse? Pamene munthu ali pakatikati, mtima wina ukuti kampani ifa, wina ukuti ipulumuka, palibe lamulo lomukakamiza kuponya zonse mbali imodzi. Akanagulitsa theka. Kampani ikanafa mukanapulumutsa theka, poti inadzuka mukanakwera nayo ndi theka linalo, ndipo m'njira zonse ziwiri mukanagona tulo.

Chenjerani ndi phunziro labodza limene nkhani ya CEC imaphunzitsa, loti masheya sagulitsa, ungodikira adzakwera. Investrust Bank nayo inali pamsika wa masheya wa Lusaka. Malipoti ake anaonetsa kuluza kwa zaka zingapo, ndipo pa 2 Epulo 2024 Bank of Zambia inailanda chifukwa ngongole zake zinaposa chuma chake. Kampani ikagwa, mwini masheya ndiye amaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumbuyo kwa osunga ndalama ndi ena onse amene kampaniyo ili nawo ngongole. Amene anadikira moleza mtima kumeneko, kuleza kwakeko sikunamupatse kanthu.

Za madola. Kugula kwake sindikukudzudzulani. Kumayambiriro kwa 2020 dola inali cha m'ma K14, pakati pa 2021 inadutsa K22, ndipo mitengo ya zinthu inkakwera ndi 24.6 peresenti pachaka. Munthu aliyense wa malipiro a makwacha ankaona saladi ndi unga zikumuthawa. Kenaka zinthu zingapo zinakumana nthawi imodzi: mkuwa unali utadutsa madola 10,000 pa tani mu Meyi, chisankho cha pa 12 Ogasiti chinasintha boma mwamtendere, bungwe loona za ndalama padziko lonse la IMF linagawira maiko onse ndalama zapadera mwezi womwewo, ndipo amene anabisa madola anayamba kuwatulutsa onse pamodzi. Kwacha inalimba m'masabata ochepa. Inu munagulitsa pa K16. Mu 2024 dola inapitirira K25, kutanthauza kuti madola 2,000 aja akanakhala oposa K50,000. Koma musathamangirenso kunena kuti dola siluza, chifukwa mu 2025 kwacha inalimbanso, ndipo amene anagula cha m'ma K28 kumayambiriro kwa chakacho analira monga munalirira inu. Komanso K44,000 yanu ija, ikanakhala mu treasury bill (kukongoza boma kwa nthawi yochepa) ya masiku 364 imene nthawi imeneyo inkapereka kupitirira 20 peresenti, nayo ikanabereka.

Funso limene simunadzifunse musanalowe mu bureau yosinthira ndalama ndi lakuti madolawo anali a ntchito yanji. Mayi wa shopu ku Kamwala amene amaoda katundu ku Dubai kapena ku Guangzhou akagula madola 2,000, dola n'kutsika, sanaluze kwenikweni, poti womugulitsa katundu akufunabe madola 2,000 omwewo. Inu renti, fizi ya ana ndi unga mumalipira m'makwacha. Kwa inu dola ikanakhala chimodzi mwa ziwiri: kubetcha kuti kwacha igwa mwezi wamawa, kapena chitetezo cha zaka zambiri poopa kuti kwacha ipitiriza kuonda. Ngati chinali chitetezo, miyezi iwiri sinali nthawi yochiweruzira. Ngati kunali kubetcha, munayenera kudziwiratu pamene mudzatulukire zikavuta, ndipo simukanabetcha ndalama yonseyo. Poti simunasankhe, munalowa ngati wodziteteza n'kutuluka ngati wobetcha, ndipo pa bolodi ya mu bureau ija, pamene pamakhala mizere iwiri ya manambala, wogulira ndi wogulitsira, munasiyapo kenakake polowa ndi potuluka pomwe.

Si inu nokha mumatero. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, m'kafukufuku amene anayamba kumufalitsa mu 1979, anaonetsa kuti kutaya ndalama kumamuwawa munthu kuposa mmene kupeza ndalama yofananayo kumamusangalatsira, pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake dzanja limayabwa kugulitsa pa nthawi yoipitsitsa, kuti ululu ungoleka.

Tsono nkhani yachitatu. Apa pokha sindikupepesani ndi mawu ozungulira, chifukwa apa sipanali msika, sipanali tsoka, panali akuba, ndipo chizindikiro chawo chinali pamphumi. Tengani choko muwerengetse monga mumachitira ndi ana m'kalasi. K10,000 ikamabereka 25 peresenti mwezi uliwonse, phindu n'kumabwezera momwemo, pakutha kwa chaka ndi K145,000 ndi kanthu. Pakutha kwa zaka ziwiri yadutsa K2 miliyoni. Munthu amene ali ndi njira yoberekera ndalama chonchi angafunirenji ndalama ya mphunzitsi wa ku Matero? Akanapita kubanki, kukongola pa 30 peresenti pachaka, n'kulemera yekha mwakachetechete. Ndalama imene ankakulipirani miyezi itatu ija inali yanu yomwe ndi ya anthu amene analowa pambuyo panu. Chinyengochi n'chakale. Charles Ponzi ku Boston mu 1920 ankalonjeza 50 peresenti pa masiku 45. Bernie Madoff, amene anagwidwa mu 2008, ankapereka phindu looneka laulemu koma losaphonya, ndipo anapusitsa mabanki ndi anthu ophunzira kwa zaka zambiri.

Kuno timaudziwa mchitidwe wake. Holo ya pa loji, mipando ya pulasitiki, pemphero lotsegulira, kenaka mayi wovala bwino amaimirira n'kukweza foni m'mwamba kuti aliyense aone uthenga wa mobile money woti ndalama yalowa. Mukafunsa kuti phindu likuchokera kuti, amati ku forex, ku golide, ku crypto, mawu oti wofunsa achite manyazi kufunsanso. Lamulo lolola anthu kutapa 20 peresenti ku NAPSA litayamba kugwira ntchito mu Epulo 2023, anthu oterewa anadziwa kuti m'makomboni mwalowa ndalama, ndipo sanagone. Chilimba n'chosiyana, pajatu m'chilimba mumadziwana maina, ndipo palibe amene amanama kuti ndalama ikuswana, imangozungulira. Mu village banking phindu limachokera ku chiwongoladzanja chimene mamembala amalipira akakongola, buku lili poyera. Aliyense wotenga ndalama za anthu kuti azisunge kapena kuziika pamsika amayenera kukhala ndi laisensi ya Bank of Zambia, kapena ya Securities and Exchange Commission, kapena ya Pensions and Insurance Authority ngati ndi za penshoni ndi inshuwalansi. Maina a amene ali ndi malaisensi amaikidwa poyera. Setifiketi ya PACRA imene amakonda kuonetsa ija imangosonyeza kuti kampani inalembetsedwa, si chilolezo chotolera ndalama za anthu.

Ndikukhulupirira kuti pansi pa mtima munkadziwa kuti 25 peresenti pamwezi ndi bodza. Chinakukokani ndi kuona mnzanu akulandira inu muli chilili. Stanley Druckenmiller, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri pamisika ya ku America, kumayambiriro kwa 2000 anali atagulitsa kale masheya a makampani a intaneti podziwa kuti mitengo yake yapenga. Koma anyamata awiri a mu ofesi mwake ankapangabe ndalama tsiku ndi tsiku, iye akuonerera. Analephera kupirira, anagulanso pamene mitengo inali pamwamba penipeni, ndipo m'masabata asanu ndi limodzi anataya madola 3 biliyoni. Atafunsidwa patapita zaka kuti anaphunzirapo chiyani, anayankha kuti palibe, chifukwa ankadziwa kale kuti sayenera kutero. Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa imasonyeza kuti zolakwa zina sizichizika ndi kuwerenga mabuku. Zimafuna mpanda umene munthu amadzimangira mutu uli wozizira, monga lamulo loti ndalama iliyonse yoposa K2,000 siituluka m'nyumba pasanathe masiku asanu ndi awiri chimvereni nkhani yake.

Mwafunsa zimene akuluakulu amachita akalakwitsa. Ray Dalio, amene anayambitsa kampani ya Bridgewater mu 1975, mu 1982 ankalalikira poyera, mpaka pamaso pa aphungu a ku America, kuti chuma chigwa chagada chifukwa maiko osauka alephera kubweza ngongole ku mabanki. Mu Ogasiti chaka chimenecho Mexico inalepheradi. Theka la ulosi wake linali loona. Koma banki yaikulu ya ku America inamasula ndalama, masheya anayamba ulendo wokwera wa zaka zambiri, iye n'kutaya pafupifupi zonse, kuchotsa antchito ake, mpaka kukabwereka madola 4,000 kwa bambo ake kuti adyetse banja. Sanasiye msika. Anayamba kufunafuna dala anthu anzeru otsutsana naye, kumwaza ndalama m'zinthu zambiri zimene sizigwa pamodzi, ndipo pakampani pake zolakwa zinayamba kulembedwa m'kaundula kuti aliyense aziona.

Warren Buffett mu 1993 anagula kampani ya nsapato ya Dexter pa madola 433 miliyoni. Nsapato zotchipa zakunja zinasefukira, kampaniyo inatha. Ife amene tinaona zimene salaula ndi nsalu zakunja zinachita ku mafakitale a ku Kafue ndi ku Kabwe, nkhaniyi sitiifunsa kawiri. Chimene ndikufuna muone ndi mmene iye amaifotokozera m'makalata ake kwa eni masheya. Sangoti zinavuta. Amasiyanitsa zolakwa ziwiri: anayesa molakwika mphamvu ya kampaniyo, kenaka analipira ndi masheya a kampani yake ya Berkshire Hathaway m'malo mwa ndalama, masheya amene pambuyo pake anafika mabiliyoni. Cholakwa chikatchulidwa dzina lake lenileni chonchi, munthu amatha kuchizindikira chikabweranso chitavala malaya ena.

Njira yochitira zimenezi pa msinkhu wathu ndi kope wamba, longa la ana anu a sukulu. Musanatulutse ndalama, lembani tsamba limodzi. Mwachitsanzo: "Lero ndagula masheya a K3,000 a kampani yakutiyakuti. Ndagula chifukwa yapanga phindu zaka zisanu zotsatizana, ngongole yake ikuchepa, ndipo katundu wake anthu amagula ngakhale zinthu zitavuta. Ndidzadziwa kuti ndalakwa ikadzasiya kupereka dividendi (gawo la phindu la eni masheya) zaka ziwiri, kapena ikadzayamba kukongola kuti ilipire antchito. Ndalamayi sindiifuna mpaka mwana wanga wotsiriza atamaliza sekondale. Itatsika ndi theka, pakhomo pano tidyabe. Wandiuza za kampaniyi ndi wakuti, ndipo iye ndikagula sapindulapo kanthu." Tsamba lotere mukanalemba mu 2023, cholembera chikanaima pa chiganizo chachiwiri, chifukwa simukanatha kulemba kumene phindu likuchokera.

Kopeli n'lofunika chifukwa mtima wa munthu umanama zinthu zikachitika kale. Zikayenda bwino umati ndinadziwa, zikavuta umati anandipusitsa. Tsiku limene mtengo wagwa ndipo dzanja likuyabwa, mumatsegula tsamba lija n'kufunsa ngati chimodzi mwa zizindikiro zimene munalemba chachitika. Ngati chachitika, gulitsani, ngakhale mukuluza, osadikira kuti mtengo ubwerere pamene munagulira, poti msika sudziwa kuti inu munagula pa zingati. Ngati sichinachitike, tsekani kope mukaphike.

Chinthu china chimene akatswiriwa anaphunzira ndi misozi ndi kukula kwa ndalama imene munthu amaika pamalo amodzi. Ndalama ikatsika ndi theka, imafunika kukwera ndi 100 peresenti kuti ingobwerera pamene inali. Ikatha yonse, palibenso chokwera. Kampani ya Long-Term Capital Management inali ndi akatswiri awiri, Myron Scholes ndi Robert Merton, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1997. Chaka chotsatira, Russia italephera kubweza ngongole mu Ogasiti, kampaniyo inataya madola oposa 4 biliyoni m'miyezi yochepa, chifukwa inkasewera ndi ndalama zobwereka zochuluka kuposa zake. Mwa ichi ndikunena ndi aphunzitsi ndi manesi onse amene amatenga ngongole yodulidwa pa payslip, kapena kaloba, kuti akaike pamsika. Wokongoza sadikira kuti mtengo udzuke.

Amuna anu akulondola pang'ono. Munthu wogula Lolemba kuti agulitse Lachisanu akuchita njuga, kaya avale tayi. Koma pali kusiyana. M'shopu ya kubetcha mpira, ndalama imene obetcha onse aika ndi yomweyo imene agawana, mwini shopu atachotsapo yake, ndiye onse pamodzi amaluza tsiku lililonse. Sheya ndi kachigawo ka kampani imene ikugaya nzimbe ku Nakambala, kuwotcha simenti ku Chilanga, kapena kugulitsa airtime pa kantemba kalikonse mu Lusaka. Phindu lake limachokera kwa makasitomala, osati m'thumba la mnzanu wogula masheya. Ndipo kusiya zonse nako si kuthawa ngozi. Kwacha itayamba mu 1968 inali yamphamvu kuposa dola. Pa 1 Januwale 2013 tinachita kuchotsa maziro atatu kuti manambala akwane pa risiti. Mu 2024 mitengo inakwera kupitirira 15 peresenti, kutanthauza kuti K30,000 yogona m'akaunti yopanda phindu, pakutha kwa chaka chotere, ikugula zinthu za K26,000.

Msika wathu wa Lusaka Securities Exchange muudziwe mmene ulili. Unayamba mu 1994, kampani yoyamba kulowapo inali Chilanga Cement mu 1995, ndipo mpaka pano makampani ake angopitirira pang'ono makumi awiri. Masheya ambiri ali m'manja mwa eni makampani akuluakulu ndi mabungwe a penshoni amene sagulitsagulitsa. Pali masheya ena amene amatha masiku osagulidwa ndi munthu. Mukhoza kuimbira broker wanu, wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya, Lolemba kuti agulitse, iye n'kuika oda, Lachinayi n'kukuuzani kuti wogula sanapezeke pokhapokha mutsitse mtengo. Pogula ndi pogulitsa pomwe pali komishoni. Pa msika wotere, ndalama ya fizi ya mu Januwale siyenera kupondapo.

Za K30,000 yatsalayo, kampani yoti mugule sindikutchulirani, ndipo aliyense amene angakutchulireni asanafunse za ngongole zanu ndi ana anu, muthaweni. Ngati muli ndi kaloba kapena ngongole ya chiwongoladzanja chokwera, yambani mwaipha imeneyo, palibe sheya imene ingathamange kuposa iyo. Kenaka patulani ya miyezi itatu ya pakhomo, ikhale poti mungaitenge tsiku la matenda kapena maliro. Imene mudzaifune chaka chino kapena chamawa ikhoza kupita ku ma treasury bill, amene alipo a masiku 91, 182, 273 ndi 364. Bank of Zambia imawagulitsa pakatha masabata awiri aliwonse, munthu wamba akhoza kuyamba ndi K1,000 kudzera kubanki yake, ndipo msonkho amadula pa phindu lisanakufikeni. Yotsala, imene mungaiwale zaka zisanu, ndiyo ya masheya kapena unit trust ya laisensi, thumba limene anthu amasonkha ndalama kuti akatswiri aziike pamsika. Musaiike tsiku limodzi, muigawe pa miyezi ingapo, ndipo kampani imodzi isatenge gawo loposa limodzi mwa magawo asanu. Mwina ikhala K8,000 yokha. Zili bwino, mukulakwitsa kwina kumene kukubwera, poti kubwera ndithu, mudzataya ndalama ya mwezi umodzi osati penshoni.

Abambo akunyumba musawabisire, ndiponso musalimbane nawo. Dalio ankalipira anthu ndalama zambiri kuti azimutsutsa, inu wotsutsa muli naye waulere. Apatseni kope lija awerenge tsamba musanagule. Mukalephera kuwafotokozera m'mawu apafupi kumene phindu lichokere, ndalamayo isatuluke.

Za ndalama imene inapita ku gulu lija, sungani mauthenga onse a mobile money, marisiti ndi manambala a foni, mukanene kupolisi ndi ku Securities and Exchange Commission, komanso ku Drug Enforcement Commission imene ili ndi nthambi yofufuza za ndalama zopezedwa mwachinyengo. Mupite ndi anzanu amene anaberedwa nawo, dandaulo la anthu ambiri limayenda msanga. Koma pa bajeti ya pakhomo musaiwerengere, nthawi zambiri imabwerako yochepa kapena osabwera n'komwe. Ndipo yembekezerani foni ina. Pakapita miyezi, amaimba munthu waulemu wodzitcha loya kapena wa ofesi yothandiza oberedwa, dzina lanu ndi ndalama imene munataya akuzidziwa bwinobwino, n'kunena kuti ndalama zapezeka, mungotumiza K500 yotsegulira failo. Dzina lanu analitenga pa mndandanda wa gulu lomwe lija.